Mafunso a Owerenga: Besi imathawira kuti ndikakhala pa sofa?

Funso: Akonzi, ndili ndi zipangizo zowonera mafilimu pabalaza zokhala ndi masipika asanu ndi sabuwufa imodzi (sipika yotulutsa besi, mawu otsika ogunda aja), imene ndinaiyika pambali pa TV chifukwa ndi pamene panali mpata. Chondizunguza mutu n'chakuti ndikakhala pa sofa, besi imamveka yofooka ngati kulibe, koma ndikaima pakona, imagunda mpaka mawindo kunjenjemera. Ndikaikweza, a m'zipinda zina amadandaula, pamene ine sindikumvabe bwino. Kodi ndi yowonongeka, kapena ndigule ina yaikulu?

Yankho: Musafulumire kugula ina, chifukwa zimene mwafotokozazi zikusonyeza kuti sabuwufa yanu ili bwinobwino, ndipo vuto lili pa malo amene yakhala ndi malo amene inuyo mumakhala. Mawu amayenda mumpweya pa liwiro la pafupifupi mamita 343 pa sekondi, choncho funde limodzi la besi ya 40 Hz (kutanthauza mafunde 40 pa sekondi) limatalika mamita 8 ndi theka, kuposa zipinda zambiri zochezera. Funde lotereli likagunda khoma limabwerera n'kukumana ndi linzake limene likubwera kumene. Pamalo ena mafunde awiriwa amathandizana ndipo besi imakula, pamene pamalo ena amafafanizana ndipo besi imazimiririka. M'chipinda chotalika mamita 5, izi zimayambira pa 34 Hz: besi imeneyi imamveka kwambiri pafupi ndi makoma awiri a kumapeto, koma pakati penipeni pa chipinda imatsala pang'ono kutheratu. Zomwezi zimachitikanso m'lifupi mwa chipinda ndiponso pakati pa denga ndi pansi, n'chifukwa chake pakona, pamene makoma amakumana, pamagunda chotero. Ndikuganiza kuti sofa yanu ili pakati kapena pafupi ndi pakati, ndipo ngati zili choncho, kukweza voliyumu sikungathandize, popeza funde lobwerera nalonso limakula mofanana ndi lopita n'kupitiriza kulifafaniza.

Choyamba, sunthani sofayo ndi theka la mita kapena kuposerapo, kutsogolo kapena kumbuyo, koma osaigundanitsa ndi khoma, chifukwa kumeneko besi imachuluka mopitirira muyeso n'kumamveka ngati kulindima chabe. Kenako chitani njira imene ine ndimaidalira kwambiri, ngakhale imafuna kugwada. Nyamulani sabuwufayo muiyike pa sofa, penipeni pamene mumakhala, ndipo muike nyimbo yokhala ndi besi yosinthasintha, yokwera ndi kutsika, osati yogunda liwu limodzi lokha. Ndiye inuyo mukwawe m'mbali mwa makoma, mutu uli pafupi ndi pansi, mukumvetsera pamalo alionse amene sabuwufa ingathe kukhala. Njirayi imagwira ntchito chifukwa mawu amayenda mofanana kuchokera uku kupita uko ndi kuchokera uko kubwera kuno, motero pamene khutu lanu lamva besi yabwino ndi pamene sabuwufa iyenera kukhala kuti inu muzimva bwino muli pa sofa. Koma chonde musasankhe pamene yamveka mokweza kuposa ponse. Sankhani pamene liwu lililonse la besi likumveka padera ndiponso mofanana mphamvu ndi linzake, pakuti anthu ambiri amanyengeka ndi kugunda kwa pakona, kenako n'kumadabwa kuti nyimbo zonse zikumveka ngati ng'oma imodzi. Pakona sipoipa nthawi zonse, ndipo sabuwufa yaing'ono imapindula napo, koma muyese kaye musanakhazikitse. Ngati yanu ili ndi bowo lotulutsira mpweya kumbuyo, musiyepo mpata pakati pa bowolo ndi khoma.

Musadere nkhawa kuti ikakhala kutali ndi TV, mawu azimveka ngati akuchokera kolakwika. Khutu la munthu limavutika kuzindikira kumene mawu otsika kuposa 80 Hz akuchokera, ndipo ichi ndicho chimatipatsa ufulu woiyika kumene chipinda chikufuna.

Funso: Akonzi, masipika anga a kutsogolo ndi aatali ndithu, ofika m'chiuno, koma mnzanga akuti mu AV receiver (makina amene amagawira mawu ku masipika onse) ndiwaike pa Small. Kodi si kuwanyozetsa kumeneko?

Yankho: Mnzanuyo akunena zoona, ndipo mawu akuti Small ndi Large asokoneza anthu ambiri, chifukwa sanena za msinkhu wa sipika. Mukasankha Small, mukuuza makinawo kuti besi yonse yotsika kuposa malire amene mwaika ichotsedwe ku sipikayo n'kutumizidwa ku sabuwufa, pamene Large imatanthauza kuti sipikayo isenze yokha mawu onse mpaka otsikitsitsa. Masipika ochepa kwambiri ndi amene angatsike mpaka 20 kapena 30 Hz mwamphamvu popanda kusokoneza mawu ena, ndipo ngakhale atatha kutero, amakhala pamalo amene anasankhidwa kuti mawu a anthu ndi zoimbira azimveka bwino, osati pamene besi imakomera. Mukawapeputsa katunduyu, ampulifaya imapuma, ndipo mawu a pakati amayera.

Malire amenewa amatchedwa crossover, ndipo poyambira pabwino ndi 80 Hz, muyeso umene THX, kampani yoika miyeso ya kamvekedwe ka mafilimu, inaukhazikitsa. Masipika aang'ono kwambiri angafune 100 kapena 120 Hz, koma mukafika pamenepo sabuwufa imayamba kudziwika kumene ili, choncho ndi bwino ikhale kutsogolo. Musasokoneze crossover ndi tchanelo cha LFE, chimene ndi ".1" wa mu 5.1 (dzina la masipika asanu ndi sabuwufa imodzi). Chimenechi ndi tchanelo chapadera chimene opanga filimu amaikamo kugunda kwa mabomba ndi mabingu, chimafika mpaka 120 Hz, ndipo malire ake muwasiye pa 120 pomwepo. Kumbuyo kwa sabuwufa kulinso kabatani kozungulira ka crossover. Kameneka mukapotoze mpaka kumapeto, kapena mulowetse waya pa bowo lolembedwa LFE, kuti besi isasefedwe kawiri.

Chotsala ndi kugwirizanitsa nthawi. Pa 80 Hz sabuwufa ndi masipika zimaimba limodzi, ndipo ngati mawu ake safika pakhutu nthawi imodzi amafafanizana. Ikani liwu la 80 Hz, mukhale pa sofa, wina azisintha swichi ya kumbuyo kwa sabuwufa yolembedwa phase pakati pa 0 ndi 180, ndipo musiye pamene besi yamveka yodzaza. Makina odziyesa okha ndi maikolofoni, monga Audyssey ya mu Denon ndi Marantz kapena YPAO ya Yamaha, amathandiza pa izi. Akalemba mtunda wa sabuwufa wotalika kuposa weniweni musaukonze, chifukwa akuwerengera kuchedwa kwa mawu m'kati mwake. Koma akaika masipika anu pa Large, abwezereni pa Small.

Funso: Akonzi, pa mpando wanga besi ili bwino, koma alendo okhala pambali amati sakuimva. Kodi ikwalaiza, chipangizo chokweza kapena kutsitsa mawu ena paokha, ingakonze zimenezi?

Yankho: Ingathandize pang'ono chabe. Ikwalaiza imatha kutsitsa besi imene yachuluka, koma siingadzaze pamene mafunde akufafanizana, ndipo ikakonza mpando umodzi kawirikawiri imawononga wina. Chimene chimathandizadi ndi sabuwufa yachiwiri. Kafukufuku wa Todd Welti ku kampani ya Harman, yopanga zipangizo za mawu, anasonyeza kuti m'chipinda cha makona anayi, masabuwufa awiri oikidwa pakati pa makoma awiri oyang'anizana amachititsa besi kufanana kwambiri pa mipando yosiyanasiyana. Ngati n'kotheka ikhale ya mtundu womwewo, ndipo mukaiwonjezera muyesenso mphamvu ndi mtunda wa iliyonse, kenako muyendetsenso makina odziyesa aja.