Kufunsa mtengo kuchipatala si mwano, mayi

Mayi wina wokhala ku Indiana, kuno ku America, wandilembera. Amuna ake anamwalira chaka chatha, tulo sakuona, akufuna kukaonana ndi mlangizi wa zamaganizo koma alibe inshulansi. Akufunsa ngati si mwano kuyamba wafunsa mtengo.

Pepani ndi zovutazo, mayi. Kalata yanuyi yanditokosa pabala.

Chaka changa choyamba kuno ku America ndinapita kuchipatala china m'mimba mutandivuta. Ananditenga magazi, anandijambula, ine n'kumangoti zikomo, zikomo. Za ndalama sindinafunse, manyazi. Patatha milungu ingapo inabwera envelopu. Ndinaitsegulira pakhomo pomwepo ndisanavule n'komwe jekete, ndipo miyendo inazizira: ndalamayo inaposa lendi ya mwezi. Pepalalo ndinalipinda n'kulibisa m'Baibulo. Miyezi itatu amayi kumudzi sanalandire kanthu kochokera kwa ine, ndikuwanamiza pafoni kuti ntchito yachepa. Bodza limenelo limandipwetekabe.

Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinalidya. Tinakula tikuopa dokotala. Kwathu chipatala cha boma salipiritsa, ndiye pakamwa pathu sipanazolowere kufunsa "ndi zingati?" kwa munthu wovala zoyera. Koma kwa telala simusiya nsalu musanamve mtengo. Mulu wa tomato timanenerera mpaka atiikire basera. Nanga thupi lathu? Ine pano sindinyengereranso: chipatala chobisa mtengo kwa wodwala chikumulakwira. Munthu wamaliro ngati inu, wopita kukatula nkhawa, sayenera kubwerako ndi nkhawa ina yangongole.

Lamulo lili mbali yanu

Kuyambira pa 1 Januwale 2022, lamulo la No Surprises Act limalamula kuti wodwala wopanda inshulansi, kapena wosankha kulipira yekha, apatsidwe chikalata cha mtengo woyembekezeka thandizo lisanayambe. Dzina lake ndi Good Faith Estimate, ndipo alangizi a zamaganizo nawonso lamuloli likuwakhudza. Poimba foni litchuleni dzinalo momwemo. Mukapempha, ayenera kukupatsani pasanathe masiku atatu antchito. Funsaninso mtengo wa ulendo umodzi ndi maulendo angati amene akuganiza kuti mudzafunika. Bilu ikadzaposa chikalatacho ndi madola 400 kapena kupitirira, muli ndi masiku 120 oti mukadandaule, choncho pepalalo lisungeni pabwino.