Kalavani ikunjanja pamsewu wa Nchalo mpaka Bangula, ndigule masipuling'i atsopano?

Achimwene, ndalama zanuzo zisungeni kaye. Mwati kalavani imene mumakoka ndi Hilux imanjanja ndi kukankha galimoto mukangodutsa Nchalo, ndipo makaniko akuti musinthe masipuling'i. Ine ndikukayika. Kawirikawiri vuto limakhala mmene katundu wakhalira m'katimo.

Kulemera kumene kumatsamira pa chibumpwa cha towbar, chitsulo chokokera chimene chili kumbuyo kwa galimoto, kuzikhala pafupifupi 10 peresenti ya kulemera kwa kalavani yonse itapakiridwa, koma kusapitirire nambala imene inalembedwa pa towbar yanuyo. Ngati kalavani ikulemera makilogalamu 900, kutsogoloko kuzikhala cha m'ma 90. Mutha kuyeza ndi sikelo yapansi ija amayezera matumba: imikani pamalo athyathyathya, ikani mtengo pakati pa sikelo ndi mphuno ya kalavani, msinkhu wake ufanane ndi wa towbar. Kutsogolo kukapepuka, kalavani imanyamula kumbuyo kwa galimoto pa bampu iliyonse, kenaka imayamba kupukusa mchira. Kukalemeretsanso, mawilo akutsogolo a Hilux amapepuka, chiwongolero n'kumayandama m'manja. Tsono zigubu za madzi, batire, silinda ya gasi, zonsezi zikhale pansi, pamwamba pa ekiselo kapena patsogolo pake pang'ono, ndipo zimangidwe. Anthu timakonda kuponya zolemera kumbuyo chifukwa ndiko kuli khomo. Thanki la madzi likhale lodzadza kapena lopanda kanthu. La theka limakhuthukira uku ndi uku n'kumawonjezera kunjanjako.

Mukamangirira, imani patali muyang'ane. Kalavani ikhale yowongoka, kapena mphuno yoweramira pansi pang'ono. Ikayang'ana kumwamba, tsitsani chibumpwacho.

Za matayala, kuno kutentha kumatisokoneza. Yezani mpweya m'mamawa musananyamuke, motsata zimene analemba opanga kalavaniyo. Mukafika pa Ngabu masana a mwezi wa Okutobala mupeza mpweya wakwera, ndipo ndi mmene zimayenera kukhalira. Musauphwetse. Tayala lochepa mpweya ndi limene limatentha mpaka kuphulika. Komanso anyamata opopa m'mbali mwa msewu amakonda kulimbitsa tayala ngati mwala, ndipo kalavani yopepuka pa tayala lotero imadumpha basi.

Zonsezi zikakhala bwino koma kunjanja kusakusiya, ndiye yang'anani mashoko a galimoto, makamaka akumbuyo. Dinikizani bodi mwamphamvu n'kusiya. Ikapitiriza kuvina kawiri katatu, kapena mukaona mafuta akuchucha pa shoko, atha amenewo. Makalavani ambiri ang'onoang'ono alibe n'komwe mashoko, ndi masipuling'i okhaokha, ndipo kuikitsa mashoko kumathandiza kuposa kugula masipuling'i olimba, amene amangowonjezera kugunda. Masipuling'i musinthe pokhapokha ngati athyoka kapena aphwa.

Liwironso. Pali malo pa M1 pamene madzi osefukira a namondwe Ana mu 2022 ndi namondwe Freddy mu 2023 anawononga msewu, ndipo zigamba zake ndi polowera milatho zimakuponyani m'mwamba mukafika mothamanga. Chepetsani musanafike, osati muli pomwepo. Mchira ukayamba kupukusa, chotsani phazi pa mafuta pang'onopang'ono, gwirani chiwongolero chilunjike, osaponda buleki mwadzidzidzi. Potsika mapiri kuchokera ku Blantyre kulowera pa Thabwa, ikani giya yaing'ono kuyambira pamwamba pomwe, chifukwa kalavani imakankha ndipo mabuleki amapsa musanafike pa mlatho wa Kamuzu.

Tiuzeni kulemera kwa kalavaniyo komanso ngati ili ndi mabuleki akeake, tione ngati Hilux yanu ikuyenera kuikoka ndi katundu yense amene mumapakiramo.