Babu yosunthika m'shopu ya utelala: yankho kwa mayi a ku Ulongwe

Mayi, mwafunsa mmene mungachitire kuti babu ya m'shopu yanu muzitha kuisuntha, nthawi zina iziunikira pamakina osokera, madzulo ipite pakhonde pamene mumakoleka nsalu. Mwatinso mnyamata wina wakuuzani kuti angodula waya, apote ndi wina, amate tepi, ntchito yatha. Chonde musamulole. Zimene mukufunazo ndi zotheka ndipo sizidula kwambiri, koma paliponse pamene muzilumikiza ndi kuchotsa pafunika pulagi ndi soketi.

Waya wopotapota amagwira bwino masiku oyamba okha. Mukamakoka babuyo uku ndi uku, timawaya tamkuwa timakhwefuka, tina timaduka, ndiye magetsi onse amadutsa pa tiwiri kapena titatu totsalato. Pamenepo pamayamba kutentha, tepi imafewa n'kumatuka, kenako pamathetheka. M'shopu yodzaza zitenje, ulusi ndi tizidutswa tansalu, kuthetheka kamodzi n'kokwanira. Ndipo musadalire kuti disjuntor, switchi ija yodzigwera yokha ya pa bokosi la mita, idzazimitsa, chifukwa iyo imagwa magetsi akachuluka kupitirira muyezo wake. Polumikiza pakhoza kupsa magetsi akuyenda ochepa, iyo osadziwa kanthu.

Itanani munthu wodziwa zamagetsi akuikireni masoketi awiri kapena atatu m'mwamba mwa khoma: ina pafupi ndi makina, ina patebulo lodulira, ina cha kukhomo. Babuyo ikhale ndi chingwe chake chofewa cha makungu awiri, chokhala ndi pulagi kumapeto. Mukafuna kusuntha, mukuzula apa n'kukalowetsa apo. Pafupi ndi soketi iliyonse akhomepo kambedza, kuti kulemera kwa babu kuzikhala pa mbedzayo kapena pa kaunyolo. Ambiri amalakwitsa pomwepa, amasiya chotengera babu chikulendewera pa tizomangira tiwiri tamkati, ndipo m'kupita kwa miyezi waya amasolomoka. Gulani chotengera chimene chili ndi kopanira chingwe kumutu kwake.

Ife a m'malire tili ndi vuto lathu lina. Katundu wathu ndi wosakanikirana. Magetsi a EDM, kampani ya magetsi ya kuno ku Mozambique, ndi 220V, a ku Malawi ndi 230V, ndiye chinthu chogula ku Dedza, ku Lizulu kapena cholowera pa Zobue chimagwira ntchito kuno popanda vuto. Zosiyana ndi mapulagi. Kwathu kuno masoketi ambiri ndi a mabowo awiri ozungulira, ena ndi a mano atatu akuluakulu a ku South Africa, pomwe ku Malawi ndi a mano atatu afulati. Pulagi ikakana kulowa, anthu amaidula n'kulowetsa waya wosenda m'soketi, n'kutsindira ndi kamtengo ka machesi. Ndimamva mantha ndikaona zimenezi m'nyumba moti muli ana okwawa. Sinthani pulagi yonseyo, muike yogwirizana ndi masoketi anu. Ma adaputala otchipa aja amakhwefuka msanga, ndipo n'kukhwefukako komwe kumabweretsa moto. Mababu nawonso ali pawiri: opotokola a E27 amene achuluka kuno, ndi a timano tiwiri a B22 amene achuluka kutsidyako. Yang'anani chotengera chanu musanapite kukagula.

Dziwaninso kuti pulagi ya mano awiri ozungulira imalowa mbali iliyonse, choncho simungadziwe kuti waya wamoto wapita mbali iti ya chotengera. Kuzimitsa switchi yapachingwe sikokwanira. Posintha babu, zulani pulagi kaye.

Tsopano simbi. Babu ya LED ya 9W imakoka magetsi osakwana 0.1A (A ndi muyezo wa kuchuluka kwa magetsi odutsa m'waya), ndi yopepuka kwambiri. Simbi ya 2000W imakoka pafupifupi 9A. Timapulagi tating'ono ta mano owonda, tonga ta tchaja ya foni, tinapangidwira 2.5A basi. Ndiye musadzayese kulumikiza simbi pa chingwe cha babu chija, kaya pa kachotengera kamene kamakhala ndi timabowo ta pulagi m'mbali. Simbi ikhale ndi soketi yakeyake ya 16A, ya waya wa 2.5mm² ndi waya wa nthaka, uja wobiriwira ndi chikasu. Mzere wa mababu umakwanira ndi 1.5mm². Pogula waya, palani pang'ono ndi mpeni: ngati mkati mukutuluka zoyera, ameneyo ndi aluminiyamu wongopaka mkuwa pamwamba, amathyoka msanga pa zomangira. Musiyeni.

Pamene mawaya ayenera kukumana mokhazikika, wamagetsiyo agwiritse ntchito zolumikizira za zomangira, kapena zija zotsekera ndi kachala za mtundu wa Wago ngati zapezeka, ndipo zonse zitsekeredwe m'kabokosi. Za Wago ndimazikonda chifukwa zimapana waya ndi sipuling'i, sizikhwefuka, komanso mukafuna kuwonjezera babu ina mumangotsegula osadula chilichonse. Zoyerekeza zachuluka pamsika, ndiye akoke wayayo mukuona, ngati akusolomoka n'zabodza.

Pakhonde mpamene ndikukupemphani kwambiri. Mvula ya kuno ku Angonia mukuidziwa, imawomba mpaka pakhomo. Soketi yapanja ikhale ya chivindikiro, yolembedwa IP44 (chizindikiro choti madzi owaza salowamo) kapena kuposa, ndipo chingwe chisakhudze m'mphepete mwa malata kapena kupanika pachitseko. Lata likacheka khungu la waya, denga lonse limakhala ndi nyesi, ndipo wogwidwa akhoza kukhala kasitomala amene wangotsamira chipilala chachitsulo. Funsani wamagetsiyo ngati pabokosi lanu pali diferensiyali ya 30mA, imene imadula magetsi akangoyamba kuthawira kunthaka kapena m'thupi la munthu. Ngati palibe, ndalama yoyamba ipite kumeneko, mababu owonjezera adikire.

Za njanji zija mumaziona m'masitolo akuluakulu a mu Tete, zimene nyale imatsetsereka pomwe wafuna, ndi zabwino ndithu, koma m'shopu ya makina awiri sindikuona chifukwa chowonongera ndalama. Masoketi atatu ndi mbedza zitatu zikuchitirani zomwezo, ndipo chikawonongeka mudzachipeza pamsika wa Ulongwe pomwepo.