Musaithawe measure theory, koma musayambire pa matanthauzo

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mukuti mwayamba masters ya statistics, kosi ya probability yatsegulira pa measure theory (masamu oyeza kukula kwa magulu a manambala), makamaka sigma-algebra ndi measurable function, masabata atatu atha osaona kugwirizana kwake ndi statistics imene munkaidziwa, ndiye mukufunsa ngati kuli bwino kungoloweza zokhozera mayeso n'kuika mtima pa kulemba code mu R ndi Python. Ine ndikuti ayi, musaithawe. Chimene ndikufuna musinthe ndi poyambira.

Mabuku ambiri amakupatsani mankhwala musanaone bala. Tanthauzo lililonse m'kosi imeneyi linabwera chifukwa penapake masamu akale ankapereka yankho lolakwika, ndipo mukapaona pamenepo ndi maso anu, tanthauzolo silivutanso kukumbukira.

Tengani pepala tsopano. Jambulani mzere kuchokera pa 0 kufika pa 1. Pamwamba pake jambulani bokosi loyambira pa 0, m'lifupi mwake 1/n, msinkhu wake n. Pa n = 2 bokosilo ndi lalikulu theka m'lifupi, msinkhu 2. Pa n = 10 lawonda, latalika. Pa n = 1000 langokhala ngati singano. Koma mukachulukitsa m'lifupi ndi msinkhu mupeza 1 nthawi zonse, kutanthauza kuti integral ya function iliyonse pamndandandawu ndi 1. Kenako ikani chala pa 0.01. N ikangopitirira 100, bokosi lakusiyani kunja, pamalo anuwo function ndi 0 mpaka kalekale. Zimenezi zichitika pa malo ena alionse opitirira 0 amene mungasankhe. Ndiye limit ya ma function ndi 0, integral yake ndi 0, pamene limit ya ma integral ndi 1. Kulowetsa limit m'kati mwa integral, chinthu chimene tinkachita ku digiri yoyamba osaganiza n'komwe, pano kwatinamiza.

Dominated convergence theorem ya Lebesgue ikuyankha bala limeneli. Imati ngati pali denga limodzi lophimba ma function onse, ndipo integral ya dengalo ili ndi polekezera, mukhoza kusinthanitsa limit ndi integral. Yesani kupeza denga la mabokosi aja. Muona kuti lotsika kwambiri limene lingawaphimbe onse likuyenda ngati 1/x, ndipo integral ya 1/x pafupi ndi 0 ilibe mapeto. Mukafika pamenepa ndiye kuti theorem mwaimva.

Mwina mufunsa kuti izi zikukhudza chiyani statistics. Mukukumbukira pa maximum likelihood, pamene mphunzitsi amati "under regularity conditions" n'kupitirira? Mawu amenewo amabisa sitepe yomweyi, chifukwa derivative nayonso ndi limit, ndipo kuti avareji ya score (derivative ya log-likelihood) ikhale 0, kuti Fisher information ndi malire a Cramér–Rao zituluke, derivative iyenera kulowa m'kati mwa integral. Tengani Uniform(0, θ). Pamenepo polekezera data pamadalira θ yemweyo, sitepe ija siloledwa, ndipo maximum likelihood estimator (MLE), yomwe ndi nambala yaikulu mwa zonse mu sample, imayandikira θ pa liwiro la 1/n osati 1/√n, komanso siitsata normal distribution. Munthu wongodziwa kulemba code apanga confidence interval yachizolowezi, kompyuta imupatsa manambala ooneka bwino, ndipo palibe uthenga wa error umene umuchenjeze.

Popeza R mumaikonda, chitsanzo chachiwiri chichitireni momwemo. Tulutsani manambala 100,000 a standard normal ndi rnorm, jambulani avareji yake pamene ikuyenda, cumsum(x) kugawa ndi 1:n. Mzere ugwedezeka pang'ono poyamba kenako ugona pa 0. Bwerezani ndi rcauchy, yotulutsa manambala a Cauchy distribution. Mzere uoneka ngati wayamba kukhazikika, mwadzidzidzi nambala imodzi yaikulu iukankhira kutali, uyambanso kubwerera, ina iukankhanso. Simunalakwitse code. Avareji ya manambala n a Cauchy imakhalanso Cauchy yemweyo, moti manambala miliyoni sakuthandizani kuposa nambala imodzi. Chifukwa chake n'chakuti Cauchy alibe mean, pamene strong law of large numbers ya Kolmogorov imafuna kuti E|X| ikhale ndi malire, ndipo central limit theorem yachizolowezi imafunanso variance. Median ndiye imagwira ntchito pamenepa. Musaganize kuti ichi n'chilombo cha m'mabuku mokha. Mukagawa standard normal wina ndi mnzake wosadalirana naye, chotuluka ndi Cauchy. Ine ndinatayapo sabata yathunthu pa simulation imene ndinkatenga avareji ya ma ratio omwe nambala yapansi inkayandikira 0. Ndikasintha seed yankho linkasintha, ndikaonjezera sample osakhazikika, ndipo ndinkafufuza vuto mu code pamene vuto linali loti chinthu chimene ndinkayeza kunalibe.

Tibwere pa sigma-algebra imene yakusowetsani mtendere. Mu 1905 Giuseppe Vitali anaonetsa kuti n'zosatheka kupatsa gulu lililonse la manambala pa mzere kutalika kwake m'njira yosunga malamulo amene tonse timayembekezera. Ndiye timafunika mndandanda wa magulu amene angayezedwe, ndipo ndiwo sigma-algebra. Umboni wa Vitali uwerengeni kamodzi, ndi waufupi. Koma pa ntchito ya tsiku ndi tsiku muziganiza chonchi: sigma-algebra ndi mafunso onse amene mungayankhe kuti inde kapena ayi ndi zimene mukudziwa pakali pano. Mwaponya ndalama yachitsulo kawiri. Funso loti kuponya koyamba kunagwa mutu mungaliyankhe, loti kwachitatu kugwa bwanji simungaliyankhe. Mukaponyanso, mafunso oyankhika achuluka. Kukula kumeneku ndiko filtration, ndipo mawu oti X ndi measurable akungotanthauza kuti ndi zimene mukudziwazo mungathe kunena mtengo wa X.

Phindu lake mulipeza pa conditional expectation. Ku digiri yoyamba tinkagawa P(A ndi B) ndi P(B). Nanga X akakhala continuous, P(X = x) ndi 0, mugawa ndi chiyani? Regression yachizolowezi imaima pa E(Y | X = x), avareji ya Y pamene X ndi x, choncho funsoli si lachabe. Andrey Kolmogorov, m'buku lake la 1933 limene linaika probability pa maziko a measure, analithetsa pogwiritsa ntchito theorem ya Radon–Nikodym, yomwe Otto Nikodym anali atangoimaliza mu 1930. Density imene mwakhala mukuigwiritsa ntchito zaka zonsezi ndi Radon–Nikodym derivative. Likelihood ratio nayonso chimodzimodzi. Tsiku limene ndinazindikira zimenezi, makosi awiri amene ndinkawaona ngati osiyana anasanduka imodzi. 

Nthawi yanu musaigawe mofanana. Umboni wa Carathéodory extension theorem uwerengeni kamodzi, mudziwe chimene theorem ikunena, mupitirire. Mphamvu zanu zithere pa monotone convergence, lemma ya Fatou, dominated convergence, Fubini ndi Borel–Cantelli, komanso kusiyana kwa convergence almost surely, in probability ndi in distribution. Pa theorem iliyonse chotsani lamulo limodzi mwa malamulo ake, mufune chitsanzo chimene ikugwa nacho, muchilembe m'kope lanulanu. Buku limene ndingakulozereni ndi Probability with Martingales la David Williams, la 1991. Ndi laling'ono, ndipo maumboni olemera a measure anawaika kumapeto kuti munthu afike msanga pa probability yeniyeni. Mafunso ake muwayese ndi cholembera musanafufuze mayankho, ngakhale funso limodzi likudyereni madzulo onse.

Chinthu chimodzi mudziyese moona mtima. Anthu ambiri amene amati measure theory yawakanika, chimene chawakanika ndi real analysis. Ngati supremum, limsup, kapena kusiyana kwa countable ndi uncountable kumakuchedwetsani, bwererani masabata awiri mukakonze pamenepo, ndipo mumuuze mphunzitsi wanu poyera kuti mwatsalira pati. Avutika ndi funso loti "sindikumva chilichonse", koma loti "sindikuona chifukwa chake Fatou ndi inequality osati equality" aliyankha m'mphindi zisanu. Yankho la limenelo, achimwene, lili kale pa pepala lanu lija la mabokosi: mbali imodzi integral ya limit ndi 0, mbali inayo limit ya ma integral ndi 1. Mukajambula, mundiuze denga limene mwapeza, tipitirire limodzi pa Fubini.