Pulani ya zaka khumi inandisiyira madesiki opanda kanthu

Mayi, ndaona zimene mwalemba pagulu pano za mkulu amene akufuna mumulipire kuti akulembereni pulani ya bizinesi ya zaka khumi: musamupatse kaye ndalamazo. Imvani zanga.

Mu 2011 ndinatsegula intaneti kafe ku Zomba, makompyuta asanu ndi atatu, zonse ngongole ya kubanki. Wondilembera pulani anali bambo wina wa tayi, laputopu kukhwapa, Chizungu chokhachokha. Anawerenga anthu olowa m'makafe a anzanga, basi kujambula mzere wokwera mpaka 2021. Ati achinyamata akuchulukirachulukira, inu muzidzangowerenga ndalama. Za kuchulukazo sananame, kalembera wa 2018 anatipeza tapitirira 17 miliyoni. Koma zoti intanetiyo idzalowa m'thumba la aliyense sanaziganize. Inenso ayi, koma ineyo ndi amene ndinalipira munthu kuti andiganizire!

Meyi 2012 kwacha inagwetsedwa, dola kuchoka pa K168 kufika pa K250. Inki, zipangizo, zonse zakunja. Kenako mafoni aja. Mtsikana amene ankabwera tsiku ndi tsiku kudzatsegula Facebook anayamba kungondipatsa moni ali pamsewu, chala chili pafoni.

Masherifi anabwera Lachisanu m'mawa, kukuwaza kamvula. Mawaya sanamasule bwinobwino, ankangozula. Wina anaponda kiyibodi, mabatani mbwee pansi. Anthu a m'mashopu oyandikana ali m'makonde kuonerera, mayi wa mandasi amene ndinali naye ngongole ali pomwepo, beseni pamutu. Mwana wanga anali atavala yunifolomu, akudikira ndimuperekeze kusukulu. Anandigwira dzanja n'kufunsa kuti, "Adadi, akukakonza?" Ndinati eya. Lole itapita ndinaona pamadesiki pali malo oyera asanu ndi atatu, fumbi litazungulira. Ndinakhala pansi osatseka n'chitseko chomwe.

Bambo uja nditamuimbira anangoti msika unasintha. Msika unasintha! Nanga ndinamulipira chiyani? Mpaka lero ndimamuona m'mahotela akuphunzitsa anthu za masomphenya, mimba ili patsogolo.

Pambuyo pake m'pamene ndinadziwa kuti eni ake a ntchito yoona zam'tsogolo sajambula mzere umodzi. Amalemba nkhani zingapo za mmene zinthu zingadzayendere, n'kuyesa pulani yako pa iliyonse. Kampani ya mafuta ya Shell inkachita zimenezi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, motsogozedwa ndi Pierre Wack, ndipo mafuta atakwera mtengo mu 1973 iwo anali ataziganizirapo kale. Ku South Africa, mu 1991 ndi 1992, anthu a mbali zosiyana anakumana pamalo a misonkhano otchedwa Mont Fleur n'kulemba nkhani zinayi za dziko lawo, ina ya nthiwatiwa yobisa mutu mumchenga, ina ya bakha wolumala. Ife kuno Vision 2020 ya mu 1998 inati pofika 2020 tidzakhala dziko lopezako bwino. Pano tili pa Malawi 2063. Sindinenapo zambiri, adimini angandichotse.

Ndiye mkulu wanuyo mufunseni maso ndi maso: kwacha ikagwanso ngati 44 peresenti ya mu Novembala 2023, pulaniyi ikuti chiyani? Kukabwera namondwe ngati Freddy wa mu Malichi 2023, misewu n'kuduka? Nanga katundu wanuyo anthu akadzasiya kumufuna? Akayamba kukanda mutu, nyamulani chikwama.

Komanso musakhale opanda pepala, mayi. A banki nkhani zingapozo sazifuna, amafuna mzere wokwera womwewo, ndiye ngati mukufuna ngongole muuzeni alembe basi, koma mumutsitse mtengo, theka likwanira. Ine pano ndili ndi kabenchi kotumizira ndalama pafoni, pulani ndilibe, ndipo mwezi watha ndatenganso ngongole ina kuti nditsegule kachiwiri kufupi ndi depoti.