Funsani Ojambula: Phiri Lotuwa, Akabaza ndi Amayi a Mumsika

FUNSO: Ndinajambula phiri la Mulanje ndili pa Chitakale mwezi wa Okutobala, koma linatuluka lotuwa ngati lawazidwa phulusa. Anzanga ojambula akuti foni yanga ndi yachabechabe. Kodi n'zoona? (Wowerenga, Luchenza)

YANKHO: Foniyo ilibe mlandu, achimwene, vuto ndi nyengo. Kuyambira Ogasiti kufikira mvula yoyamba, m'mwamba mumadzaza fumbi ndi utsi wa moto wolusa, ndipo kamera imagwira utsiwo isanafike n'komwe pa thanthwe. Phiri lotalika mamita 3,002 pa Sapitwa limachita kuzimirira mukuliona. Dikirani mvula ikangokata, kapena Epulo ndi Meyi, pamene mpweya uli mbee ndipo tiyi wabiriwira.

Nthawi nayo ndi nkhani. Muli pa Chitakale, m'mawa dzuwa limatulukira cha kuseri kwa phiri, choncho mumangopeza chimthunzi chakuda. Pitani cha m'ma 4 koloko masana, dzuwa litapendeka: ming'alu ndi zigwa zonse zimaonekera. Dzuwa la paliwombo ndiye lipeweni, limafafaniza zonsezi.

Musanajambule, pukutani kagalasi ka kamera ndi kansalu kofewa, chifukwa mafuta a zala amachititsa chithunzi kuoneka ngati chili m'nkhungu. Dinani paphiripo pa sikirini ya foni, kenaka tsitsani kuwala pang'ono kuti mitambo isayere mopitirira. Osakoka zoom ndi zala, kumeneko n'kungotanula chithunzi, sunthani ndinu. Ngati muli ndi kamera yeniyeni, ikani ISO (mlingo wa momwe kamera imamvera kuwala) pa 100 ndi kabowo kolowetsa kuwala pa f/8. Chomwe ambiri amaiwala n'chakuti kutsogolo kukhale kanthu, kaya mizere ya tiyi kapena kanjira kolowera kuphiri, kuti diso lipeze poyambira.

FUNSO: Ndikajambula akabaza mu Lilongwe amatuluka osaoneka bwino. Komanso mayi wina wogulitsa tomato anandikalipira. Ndilakwitsa pati? (Wowerenga, Area 25)

YANKHO: Njinga ikuthamanga pamene shutter yanu, kachitseko kolowetsa kuwala mu kamera, ikuchedwa kutseka. Ikani liwiro la shutter pa 1/500 ya sekondi, munthu woyenda pansi amakwana ndi 1/250. Kukayamba kuda, kwezani ISO kufika 800 m'malo mochedwetsa shutter. Pafoni, jambulani zingapo motsatizana, musankhepo chimodzi.

Za mayiwo, anali ndi chifukwa. Pamsika ndi pantchito pawo, ndipo sakudziwa komwe nkhope yawo ikathere. Yambani ndi moni: "Mwaswera bwanji mayi, ndingakujambuleni ndi tomato wanuyu?" Akavomera, musathamange. Chezani nawo mpaka aiwale za kamera, abwerere kukonza milu yawo, pamenepo ndiye pali chithunzi chenicheni. Mukatha aonetseni. Akakana, thokozani n'kumapita. Ana musawajambule popanda chilolezo cha makolo, ndipo kumalo a asilikali ndi kunyumba ya boma kamera ikhale m'thumba.

FUNSO: Zithunzi zanga zimaoneka bwino, koma ndikatumizira anzanga pa WhatsApp zimafika zosweka. (Wowerenga, Nkhotakota)

YANKHO: WhatsApp imafinya chithunzi kuti chisadye bandulo. Chitumizeni ngati Document, chidzafika momwe chilili. Tumizani ziwiri kapena zitatu zomwe mwasankha, osati 40, ndipo lembani malo, ola ndi mwezi. Mnzanu akadziwa kuti ngalawa za asodzi munazijambula 5:30 m'mawa mu Novembala dzuwa likutuluka panyanja, adzatha kukuuzani chomwe mungakonze, mwachitsanzo kuwongola mzere wa madzi ngati wapendama.