Mano akapanda kukumana, musadikire kuti kutupa kuphwe

Mayi wina wandilembera imelo kuti amuna awo anagwa pa kabaza sabata yatha, nkhope yatupa, koma X-ray akuti sinaonetse kanthu. Akufunsa ngati angodikira kuti kutupako kuphwe. Mayi, imelo yanu ndaiwerenga kangapo ndisanayankhe, chifukwa kwathu tinadikira.

Anali achimwene anga aakulu. Njinga yamoto imene anakwera inaombana ndi ngolo chakumadzulo, iwo n'kugwa chafufumimba pa tala. Kuchipatala anawasoka bala la pachibwano, anawajambula kamodzi, n'kutiuza kuti ndi kutupa chabe. Tinabwerera kunyumba tikuthokoza Mulungu. Alamu ankawaphikira phala lamadzimadzi, tikumati mawa kapena mkuja ayambanso nsima.

Koma akatseka pakamwa, mano am'mbuyo okha ndiwo ankagundana, kutsogoloku kumatsala mpata woti n'kupisa chala. Tsaya lamanzere ndi mlomo wam'mwamba zinachita dzanzi, phala linkayenderera iwo osamva. Ndikawapatsa kapu ankaphonya, ati akuona makapu awiri. Maso onse anada kuzungulira ngati awapaka mwaye. Ife n'kumangoti zitha.

Pa CT, makina ojambula mkati mwa thupi mozama kuposa X-ray wamba, anafika patatha masabata atatu. Nsagwada yam'munsi inali itathyoka pawiri, fupa la tsaya litalowa mkati, ndipo nsagwada yam'mwamba pamodzi ndi mphuno zinali zitalekana ndi chigaza. Adokotala anati tsiku loyamba munthu akanangogwira mano akutsogolo n'kugwedeza pang'ono, pakati pa nkhope pakanasuntha ngati dirowa. Kuthyoka kotere amakutcha Le Fort, dzina la dokotala wa ku France, René Le Fort, amene mu 1901 anafotokoza mizere itatu imene nkhope imakonda kuthyokera. Anaidziwa pomenya mitu ya mitembo. Nkhani yonyansa, komatu mpaka lero madokotala akugwiritsabe ntchito mizere yakeyo.

Ine ndiye ndinene mosabisa: kuuza munthu wovulala nkhope kuti palibe kanthu chifukwa cha X-ray imodzi n'kulakwa. Nkhope ili ndi mafupa 14, ena opyapyala ngati chigoba cha dzira, ndipo pa chithunzi amasanjikizana, mng'alu n'kubisala. CT imaonetsa mutu magawomagawo, bowo la diso ndi ubongo womwe. Mafupa a achimwene anali atayamba kale kugwirana mokhota, anachita kuwathyolanso. Mpaka pano nyama amatafunira mbali imodzi.

Za mahelemeti ndisayambe n'komwe. Wakabaza wavala yake, ya wokwera yapachikidwa pa handulo ngati chokongoletsera, ndipo yambiri ndi yosaphimba chibwano, pomwe munthu amagwera. Nanenso ndimakwera wopanda, ndisaname, ndikachedwa kuntchito.

Nanga inu mutani?

Musadikire. Ngati mano sakukumana ngati kale, pakamwa sipakutseguka, tsaya kapena mlomo uli dzanzi, kapena akuona zinthu ziwiriziwiri, bwererani mukapemphe kalata yopita kuchipatala chachikulu, monga Queens kapena Kamuzu Central, ndipo mukatchule CT. Madokotala awaonenso khosi. Amuna anuwo asamine, chifukwa mpweya ungalowe m'bowo la diso. Madzi oyera akamatuluka m'mphuno kapena m'khutu, akamasanza, akamangosinza, kapena akamavutika kupuma, nyamukani usiku womwewo.